Azakhali a Verna ndi Fereti wa Eni Ake

Nyumba ya azakhali anga, a Verna Dollarhide, umayamba kuimva ndi mphuno usanaione. Ukangokhota pamsewu wa kuseri kwa sitolo ya zakudya za ziweto ku Waurika, fungo la afereti limakuchingamira, ndipo mphepo ikamachokera kumwera limalowa mpaka m'makhitchini a aneba. Anebawo anadandaula mpaka anatopa. Azakhali sanatopepo.

Ine ndinafikira kumeneko kumayambiriro kwa Juni, dzuwa la Oklahoma litayamba kale kufewetsa phula, nditabwerako ku Busan, ku Korea, komwe ndinkaphunzitsa ana Chingerezi. Mayi anga anali atakwatiwanso ku Tulsa, nyumba yathu itagulitsidwa, ndiye ndinalibe kwina kotula chikwama. Ndinkati ndikhala pang'ono chabe, ndipeze ntchito ina kunja, ndinyamukenso. Pakhomo ndinavula nsapato monga ndinazolowera, azakhali n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Vala nsapatozo, Mkoreya iwe. Muno mumapondedwa zinthu zoti sungazikonde."

Dzina limenelo linandikanirira.

Afereti anali m'zipinda ziwiri, makola osanjikizana mpaka kudenga. Ndi tinyama totalika thupi ngati likongwe, tamiyendo yaifupi, takuba, tosamva kukalipiridwa. Anthu amagula fereti m'sitolo ali wamng'ono chifukwa mwana walira, kenaka fungo likalowerera m'makatani amayamba kufunafuna kokamutaya. Msilikali wa ku Lawton akasamutsidwa, mwana wa ku koleji akatsekera, banja likatha, fereti ndiye woyamba kusowa malo. Ena amabwera naye m'manja akulira. Ena amangosiya katoni pakhonde la azakhali masana dzuwa lili pamutu, ataboola timabowo pamwamba n'kumadziona ngati achita chifundo. Kanyamaka sikatuluka thukuta. Kutentha kumene munthu amangopukuta pamphumi n'kupitiriza ntchito, iko kamafa nako. Azakhali atsegulapo makatoni ambiri mochedwa, ndipo lililonse amalikumbukira.

Sanabadwe okonda nyama. Anabadwira m'tauni momwemu, n'kukulira pantchito yochapa zofunda kunyumba yosungirako okalamba, ntchito imene inawasiyira manja ofiira ndi mtima wosanyansidwa ndi kanthu. Fereti woyamba anali wa mwana wawo Royce, amene anamugula ali kusekondale n'kumusiya pamene ankapita kukagwira ntchito kuzitsime za mafuta. Azakhali ankamudyetsa akunyinyirika, mpaka anazolowerana, mpaka kanyamako kanayamba kuwatsatira kubafa. Tsiku lina amuna awo a Doyle anabwera kuntchito atatopa, anadziponya pampando wawo wandalema, uja wokoka chitsulo cham'mbali kuti miyendo ikwere, n'kukoka. Fereti anali atagona m'kati mwa zitsulo za mpandowo. Afereti amatero, amakonda mdima ndi malo opanikizika. Ameneyu anafera momwemo.

Azakhali anaukhwekhwereza okha mpandowo mpaka kumsewu. A Doyle anautsatira, n'kuchoka pabanja, chaka chisanathe. Royce amaimba foni pa Khirisimasi, akakumbukira.

Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka ya afereti. Makina oziziritsa mpweya analipo awiri, onse m'zipinda za makola. Eni nyumba ankagona kuchipinda chopanda makina, zenera lotsegula, atafunda nsalu yonyowa. Ine anandipatsa sofa ndi fani yolira ngati njinga yamoto. M'filiji munadzaza mabotolo a madzi oundana, lililonse ndi sokosi yake yolivekera kuti chisanu chisalume khungu la nyama, ndi timakontena ta phala la nyama ya nkhuku lodyetsa odwala. Chakudya cha anthu chinali ndi shelefu imodzi, ndipo nthawi zambiri pankakhala buledi, tchizi ndi botolo la tiyi wozizira.

Ndisaname, ndinawaona akupulumutsa nyama zoti wina aliyense akanangozikulunga m'pepala. Sabata yanga yoyamba kunabwera wina wososoka ubweya, nthiti zowerengeka, makutu odzaza nthata. Azakhali anamuika m'thumba la epuloni n'kumayenda naye tsiku lonse, kumunyambitsa phala pachala, kumulankhula ndi timawu tofewa tomwe sindinawamvepo akulankhulira munthu, ngakhale pamaliro a bambo anga omwe anali mlongo wawo. Pofika Julayi feretiyo anali akulumpha chammbali n'kuba makiyi a galimoto.

Koma wofuna kutenga fereti kukamusunga ankayenera kudutsa mwa iwo. Ankapita okha kunyumba kwake, kugwada kukhitchini, kupisa dzanja kuseri kwa chitofu ndi pansi pa makabati kufunafuna mabowo. Mpando wandalema ukapezeka, nkhani yatha. Makina oziziritsa akasowa, nkhani yatha. Mwana wamng'ono akadutsa akuthamanga, ankamuyang'ana ngati aona matenda. Mayi wina wa ku Duncan analira pakhomo pake pomwe, azakhali n'kumulangiza kuti agule duwa lapulasitiki, ndi limene angalikwanitse.

"Mukuthamangitsa anthu abwinobwino, azakhali," ndinatero tili m'galimoto pobwerera.

"Abwinobwinowo ndi amene amandisiyira makatoni."

A Orval Stiles sanasiye katoni. Anabwera okha mu Meyi, ine ndisanafike, n'kugogoda ngati munthu. Anali mkulu woonda, wopuma pantchito yoyendetsa mathiraki onyamula ng'ombe, wokhala m'kalavani kutsidya kwa njanji. Akazi awo a Lorene anamwalira n'kuwasiyira Nettie, fereti wamkazi wotuwa wa kadontho koyera pamphuno. Madokotala anati awang'ambe pachifuwa kuti akonze mtima, ndipo panalibe wina womusiyira. Anapangana pakamwa: azakhali amusunge, iwo akachira adzamutenge. Anthu awiriwa anaphunzira kalasi imodzi ali ana, ndipo a Stiles ankaganiza kuti zimenezo n'zokwanira.

Pobwera kudzamutenga ine ndinalipo. Ankayenda pang'onopang'ono ngati anyamula dzira m'chifuwa. Azakhali anaima kuseri kwa chitseko cha sefa, osachitsegula.

"Mwabwerako, a Stiles? Ine ndimati mwina aiwala sizasi m'katimo."

"Atulutsa zonse, a Verna. Angosiyamo njala. Ndabwera kudzatenga mtsikana wanga."

"Mtsikana wanu ali bwino."

"Ndathokoza kwambiri. Mwandigwirira ntchito yaikulu. Kabokosi kake kali m'galimoto."

"Kakhale momwemo. Wolowa muno amatuluka ine nditaona komwe akupita."

"Ameneyu si wotayidwa. Ndi wanga. Paja tinapangana."

"Onse ali munowa anali a anthu."

A Stiles anaseka, akuyesa nthabwala za kusukulu. Atayang'anitsitsa nkhope ya azakhali kudzera pasefapo, anasiya.

Tinapita kukalavaniko mawa lake, ine ndikuyendetsa. Munali mwaudongo wa munthu wokhala yekha, mbale imodzi ndi kapu imodzi pachoumitsira. Pansi pa bedi panali mulu wa masokosi a Lorene omwe Nettie anakokerako kalekale, ndipo a Stiles sanawachotse. Koma munali motentha ngati mu uvuni, mafani awiri akungotembenuza mpweya womwewo. Ndipo pakati pa chipinda panali mpando wandalema wabulauni, wopyapyala m'manja mogwira.

Azakhali anaima n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Sindiukoka iye ali pansi," a Stiles anafulumira kunena. "Ndimayamba ndamutsekera m'khola. Zaka zonsezi, a Verna, sindinaiwalepo."

"Doyle nayenso ankatero."

"Ndi pomwe ndimagona. Chichitireni opaleshoni sindingagone chagada pabedi, mpweya umandithawa."

"Ndiye musankhe, mpando kapena fereti."

"Chabwino. Koma kutenthaku musadandaule, onani mafani, awiri athunthu."

"Fani imaumitsa thukuta. Munamuonapo Nettie akutuluka thukuta? Mumangomuwotcha ndi mphepo ngati nkhuku ya m'sitolo."

Vuto la azakhali linali limeneli, nthawi zambiri ankanena zoona. Munthu ankachoka pamaso pawo atavulala koma alibe pogwira.

A Stiles anachita zonse. Aneba anawathandiza kutulutsa mpando, iwo n'kuyamba kugona atakhala pabedi, msana kukhoma, mapilo mbali zonse. Anagulitsa injini ya bwato lawo lowedzera nsomba n'kugula makina oziziritsa a pazenera. Mabowo a kukhitchini anawakhomera matabwa, chikhalirecho dokotala anawaletsa kugwira hamala. Anaimba foni kuti zonse zatheka. Azakhali anati abwera akapeza mpata. Mpatawo sunapezeke.

Uku Nettie anali atasiya kudya. Afereti amatero akasiyana ndi munthu wawo, amangogona atayang'ana kuchitseko. Azakhali ankamunyambitsa phala pachala akumunyengerera, iye n'kunyambita kawiri n'kutembenuza mutu. Kenaka anamuphatikiza ndi Hank, fereti wamwamuna wokalamba, wonenepa, wakhungu diso limodzi, kuti azimuchotsa kusungulumwa. Awiriwo anayamba kugona atapiringizana m'kansalu kolendewera ka m'khola, moti sukanadziwa mchira uwu ndi wa ndani.

"Ameneyu akufuna kwawo, azakhali."

"Akufuna nkhuku. Ndipatse supuniyo."

"Ku Busan galu wa aneba anga atasiyidwa…"

"Ku Busan uzikanena ku Busan. Supuni."

Kumuona a Stiles analetsedwa. Azakhali anati akamuona n'kuchokanso, kanyamako kayambiranso kulira ndipo ntchito yawo yonse ipita pachabe. Iwo ankabwerabe Lamulungu lililonse potuluka kutchalitchi, tayi ili m'khosi, n'kuima pakhonde. Tsiku lina anabweretsa kampira kokhala ndi belu m'kati kuti apatsire Nettie. Azakhali anakafinya pakati pa zala.

"Labala. Akameza kachidutswa, matumbo atsekeka. Mumamupatsa zimenezi?"

"Wakhala nako kuyambira ali mwana."

"Ndiye ali ndi mwayi."

Anakaponya m'bini ya pakhonde eni ake akuona. Belu linalira kamodzi pogwa.

Lamulungu lotsatira a Stiles anabwera atakonzekera mawu.

"A Verna, makina ndaika, mpando ndataya, mabowo ndatseka. Tiyeni mukaone lero, ndikutengani ndipo ndikubwezani."

"Pabuka nkhani ina. Wagwirizana ndi Hank. Ogwirizana sitiwalekanitsa, wotsalayo amafa ndi chisoni."

"Nanga ine sanagwirizane nane?"

"Inu si fereti."

"Ndiye nditenga onse awiri."

"Khola lanu ndi la mmodzi. Komanso Hank amamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo manja anuwo akunjenjemera. Mungamuthire m'diso labwinolo."

A Stiles anayang'ana manja awo n'kuwabisa m'thumba.

"Kodi ndinakulakwirani chiyani, a Verna?"

"Inu palibe."

A Stiles anatembenukira kwa ine. "Mwana wa Dale, tawalankhula azakhali akowa. Bambo ako ndinkawedza nawo nsomba."

Azakhali ndinawalankhula madzulo ake tikutsuka makola. Anandiyankha kuti msewu wopita kubwalo la ndege ndikuudziwa, sunasinthe. Kunena zoona, masiku amenewo maganizo anga anali kumeneko kale. Ndinkangotsegula foni kufunafuna sukulu zofuna aphunzitsi, kulikonse kumene kunali sitima zapansi panthaka ndi anthu osandidziwa. Tauni yathu inkandionekera ngati chipinda chodikirira chomwe aliyense anaiwala chimene akudikira. A Stiles okha ndi amene ankadziwa.

Kumapeto kwa Julayi chimphepo chinadutsa m'mawa, chaphokoso koma chopanda mvula yeniyeni. Chinagwetsera mtengo panthambo, magetsi n'kuzima mbali yathu yonse ya njanji. Makina aja anangoti zii. Mitambo itachoka, dzuwa linabwerera ngati lakwiya kuti linasokonezedwa.

Azakhali sanatekeseke. Anatseka makatani onse, anaika botolo loundana m'khola lililonse, anapachika mathaulo onyowa. Koma pofika masana mabotolo anali atasungunuka, magetsi osabwera, ndipo m'zipinda zija mpweya unali wolemera ngati wa m'basi yotseka mazenera. Analamula kuti tisamutsire onse kuchipinda chapansi panthaka chakuseri kwa nyumba, chija timathawiramo namondwe akabwera. Mumanunkha nkhungu, muli akangaude, koma mumazizira.

Tinayamba kunyamula, mmodzimmodzi kapena awiriawiri m'timabokosi. Odwala patsogolo, onenepa pambuyo pawo. Azakhali ankawachotsa m'makola, ine ndinkatsika nawo masitepe n'kubwerera. Khola la Nettie ndi Hank linali pamwamba penipeni, kuchipinda choyang'ana kumadzulo, komwe kutentha konse kunkasonkhana. Hank anali akukanda waya, akupuma ndi pakamwa, ndipo azakhali anamugwira msanga n'kundipatsira. Nettie anali gone m'kansalu kake. Anamukhudza, osagwedezeka.

"Uyu wagona tulo ta maliro. Msiye kaye, tiyambe ndi ovutikawa."

Tulo timeneti aliyense wosunga afereti amatidziwa. Umamunyamula, mutu lende, miyendo lende, umamugwedeza, umamuitana, osadzuka. Palibe wosunga amene sanathamangirepo kwa dokotala wa ziweto akulira, nyama n'kudzuka panjira ikuyasamula. Ukapusitsidwa kamodzi, anzako amakuseka mpaka kalekale, ndipo sufunanso kusekedwa. Azakhali ankakonda kuopseza nato alendo. Ine anandichita nditangofika kumene, kundiponyera fereti wolendewera pamiyendo n'kunena kuti ndamukhalira.

Tili m'kati mwa ntchitoyi pikapu ya a Stiles inaima pamsewu. Anakwera khonde mofulumira kuposa mmene munthu wosokedwa pachifuwa ayenera kuyendera.

"A Verna! Kwathu magetsi alipo. M'kalavani mukuzizira ngati m'filiji. Ndipatseni Nettie, ndipatseni Hank, ndipatseni onse amene angakwane m'galimotomu. Magetsi akabwera ndibweza."

Azakhali anabwera pasefa, tsitsi litamatirira kumaso, diresi ili chonyowa.

"Chikonzereni nyumbayo sindinaione."

"Kwerani mukaione pompano."

"Mukuona ngati ndili ndi nthawi yoyendera anthu?"

"Mwanayu abwere akaone m'malo mwanu."

"Uyu? Uyu sangasiyanitse bowo la fereti ndi la singano."

"Ndiye ndingomuona basi. Chonde. Ndingomuona ndizipita."

Azakhali anali atatopa ndipo ankafuna kuti munthuyo achoke. Analowa m'kati n'kubwera atamugwira Nettie m'khwapa ndi dzanja limodzi, thupi lonse likulendewera. Anamukweza pasefa.

"Nayu. Mwamuona? Tulo ta maliro. Wodandaula amagona chonchi? Wazolowera muno ameneyu."

Anamugwedeza pang'ono monga ankachitira kwa alendo, thupilo likungopita uku ndi uku ngati nsanza yonyowa. A Stiles anaika chala pasefa.

"Nettie. Mtsikana wanga. Ndine."

"Musamudzutse. Akayamba kuthamanga atenthedwa."

"Pakamwa pali potsegula."

"Nanunso mumatsegula mukagona. Lorene ankatiuza kumsonkhano wa amayi."

"Nanga mapaziwa afiira chonchi bwanji?"

"A Stiles, afereti amene ndasunga ine ndi ambiri kuposa tsitsi latsala m'mutu mwanumo. Pitani mukakhale mozizira, mungatigwere pano."

Anatseka chitseko chamatabwa. Nettie anamuika m'kabokosi kake yekha kuti Hank asamupondeponde n'kumudzutsa, n'kundipatsa kuti nditsike naye. Kanali kopepuka ngati mulibe kanthu. Ndinakaika pansi pafupi ndi khoma n'kukwera kukatenga ena.

A Stiles sanapite kwawo. Anangosuntha pikapu n'kuiimika tsidya lina la msewu pansi pa mtengo, injini ikulira, mazenera otseka, mpweya wozizira ukuwomba m'kati. Ulendo uliwonse ndikamadutsa pabwalo ndinkawaona ali khale, manja pachiwongolero, maso kunyumba kwathu.

Onse atatsika, azakhali anatenga tochi ndi botolo la madzi n'kuyamba kuzungulira timabokosi, akuitana aliyense ndi dzina, kumunyowetsa mapazi, kumunyoza pang'ono mwachikondi. Atafika pa Nettie mawu anatha. Anamutulutsa n'kumuika kukhutu. Anamupuzira m'mphuno. Anamutikita pachifuwa ndi chala, kumunyowetsa mapazi ndi m'mimba, zonse zija akanachita pamene anali naye m'dzanja pakhomo. Anachita zimenezo nthawi yaitali kuposa mmene iwo eni ankadziwira kuti n'zothandiza. Kenaka anakhala pansi pasitepe yomaliza, tochi ikuwalira kukhoma. M'chipindamo munkangomveka zikhadabo za enawo zikukanda pulasitiki.

"Bweretsa Hank," anatero.

"Ndikawauze a Stiles."

"Ndati bweretsa Hank."

Ndi mwambo wa osunga afereti. Mmodzi mwa ogwirizana akafa, wotsalayo umamuonetsa mtembo n'kumusiya nawo mpaka atakhutira yekha. Ukapanda kutero amafunafuna mnzakeyo m'makona monse, kusiya kudya, mpaka naye kutsatira. Azakhali anayala thaulo pansi n'kumugoneka Nettie pamenepo. Hank anamununkhiza kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Anamukankha ndi mutu. Anamuluma pakhosi n'kuyesa kumukokera kumdima, monga amachitira ndi chinthu chomwe safuna kuti ena amulande. Atalephera anagona pamwamba pake.

Azakhali anakwera masitepe, ine pambuyo. A Stiles atangowaona akudutsa pabwalo opanda kanthu m'manja, anazimitsa injini n'kutsika. Anakumana pakhonde.

"Wadzuka?"

"Sadzuka."

A Stiles anagwira chipilala cha khonde.

"Mtima wake unali wofooka kale," anatero azakhali. "Zaka zonse zija m'kalavani yotentha, mumayembekezera chiyani?"

"Munamugwedeza pamaso panga."

"Ndikuti mtima."

"Ndinakuuzani za mapazi."

"Ndikuti mtima, a Stiles. Kapena opaleshoni ija inakukhudzani ndi makutu omwe?"

Azakhali sanagwetse maso pansi. A Stiles anapuma kangapo, dzanja lili pachifuwa.

"Ndipatseni."

"Hank akutsanzikana naye. Akamaliza."

"Hank."

"Ndikamulanda msanga adwala. Mukufuna afe awiri tsiku limodzi?"

"Ndiye ndilowe ndikakhale nawo komweko."

"Masitepe aja ndi otsetsereka. Mukagwa ndikunyamulani ndi chiyani? Dikirani pompano."

Anabwerera pansi. A Stiles anakhala pasitepe ya khonde, pomwe dzuwa la madzulo linkagunda mwachindunji, ndipo nditawauza kuti asunthire pamthunzi sanamve. Ndinawabweretsera tiyi wa m'filiji, yemwe anali atafunda kale. Anagwira galasilo ndi manja awiri, osamwa. Ndinakhala pambali pawo chifukwa sindinadziwe kwina koti ndipite. Msewu unali zii, kupatula jenereta ya munthu wina chapatali.

"Kumene unali kuja kumatentha chonchi?" anandifunsa.

"Kumatentha, koma n'kwachinyontho."

"Oho."

Anatembenuza galasi m'manja.

"Amakonda kugona m'slipasi yanga," anatero. "Yakumanzere. Yakumanja amaikana, sindidziwa chifukwa chake."



Hank sanafulumire. Mthunzi wa pikapu unatalika mpaka kuwoloka msewu. Galimoto ya okonza magetsi inadutsa pang'onopang'ono, amuna awiri akuyang'ana m'mwamba, osaima. A Stiles anaika galasi pansi, akadali odzaza, n'kupukuta manja pathalauza ngati munthu wokonzekera kulandira kanthu kaulemu.

Pomaliza azakhali anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula thaulo lokulunga. A Stiles anaimirira movutikira n'kutambasula manja onse awiri. Anamulandira. Koma azakhali sanasiye ngodya ya thaulolo.

"Thauloli ndi langa. Ndili nawo ochepa, ndipo pansipo akufunika onyowa."

A Stiles anawayang'ana. Ndinaganiza kuti tsopano atukwana, kapena alira, kapena achita chilichonse chomwe munthu amachita. Anangomugoneka Nettie pasitepe mosamala n'kuyamba kumasula mabatani a malaya awo. Zala zinkaphonya mabowo. Atavula, chipsera chinaonekera, chofiira, chotupa, kuyambira pansi pa khosi mpaka pamwamba pa mimba, timabowo ta ulusi tili m'mbali. Anayala malayawo, anamuchotsa Nettie pathaulo, n'kumukulunga, mutu kuusiya panja.

Azakhali anatola thaulo lawo n'kulikutumula.

"Mukumbe mozama. Agalu a kwanuko ndi osamangirira."

A Stiles anatsika khonde, anawoloka msewu chifuwa chili pamtunda, mapewa oyera ngati a mwana, khosi ndi mikono zakuda ndi dzuwa la zaka zambiri. Anavutika kutsegula chitseko ndi dzanja limodzi. Anakhala, anamuika pamiyendo, n'kuliza injini. Pikapu inanyamuka pang'onopang'ono, ikuyenda pakati pa msewu.

"Mkoreya, waima chiyani?" Azakhali anandiponyera thaulo lija. "Liviike, utsike nalo. Hank akupuma ndi pakamwa."

Ndinaliviika.